Kuphunzira zamalamulo ku yunivesite: mafunso ndi mayankho pa kuchuluka kwa zowerenga

Mafunso ali m'munsiwa ndimafunsidwa chaka ndi chaka ndi ana a abale, achinyamata a kutchalitchi kwathu, komanso makolo amene mwana wawo akulakalaka kudzakhala loya. Ndinadutsa m'maphunziro amenewa ndipo katundu wake ndinamusenza pamutu panga. Zambiri zimene ndanena pano zikukhudzanso amene akuchita mbiri yakale, filosofi, zolembalemba kapena zaumulungu, popeza onsewa nsima yawo ya tsiku ndi tsiku ndi masamba a mabuku.

Kodi n'zoona kuti ophunzira zamalamulo amawerenga kuposa wina aliyense pa yunivesite?

Sindikonda kupikisanitsa maphunziro. Wophunzira udokotala amachezera m'mawodi, wa uinjiniya amatha usiku wonse akulimbana ndi samu imodzi. Chimene chimasiyanitsa zamalamulo ndi malo amene ntchitoyo imabisala. Anzathu a sayansi ntchito yawo yambiri ili pa ndandanda ya makalasi, ndipo akajomba ku labu aliyense amadziwa. Ife ndandanda yathu imaoneka yopepuka. Tsiku lina umakhala ndi makalasi awiri okha, ikamati 11 koloko wamasuka. Maola otsalawo ndiye mwini wake wa ntchito, koma palibe amene adzabwere kudzaitana mayina kuti aone ngati wakhala pansi n'kutsegula buku.

Ambiri amene amalemba sapu (mayeso obwereza) kapena kuwididwa (kuchotsedwa sukulu) m'chaka choyamba si mbuli ayi. Ndi anthu anzeru amene anaona masana opanda kalasi n'kuganiza kuti ndi nthawi yawo. Ku University of Malawi ku Zomba digiri ya zamalamulo ndi ya zaka zinayi, ndipo kwa nthawi yaitali anthu akhala akulowako atayamba achita chaka m'maphunziro ena n'kulemba mayeso olowera. Ndiye kuti m'kalasimo aliyense anali katswiri kumene anachokera. Ukatswiri umenewo sukuthandiza ngati pofika Lachinayi sunawerenge milandu ya Lolemba.

Tiuzeni chilungamo: ndi masamba angati pa sabata?

Zimatengera mphunzitsi ndi phunziro, choncho tingoyerekeza. Tinene kuti muli ndi maphunziro asanu pa semesita, ndipo lililonse likufuna mutu umodzi wa buku wa masamba 30 ndi milandu itatu ya masamba 15 umodzi. Phunziro limodzi ndi masamba 75, onse asanu ndi masamba 375 pa sabata. Apo sitinawerengere asainimenti.

Koma nambala imeneyi imanamiza, chifukwa tsamba la chigamulo cha khoti ndi losiyana ndi tsamba la nthano. Nthano umayenda nayo ngati madzi a mumtsinje. Chigamulo umawerenga ndime imodzi, n'kuima, n'kubwerera m'mbuyo kuti uone ngati amene akulankhula ndi woweruza kapena akungobwereza zimene ananena loya wa mbali ina. Ine m'miyezi yoyamba chigamulo cha masamba 20 chinkanditengera masana onse, kuyambira nditadya nkhomaliro mpaka dzuwa kupendeka. Pofika chaka chachitatu chomwecho ndinkachimaliza mu ola limodzi ndi theka. Maso sanafulumire kwenikweni. Chinasintha n'chakuti ndinali nditadziwa pamene nyama imakhala m'chigamulo, ndi pamene pali mafupa okhaokha.

Kuti mumvetse kukula kwake, kumbukirani tsiku la 3 February 2020, pamene oweruza asanu a khoti loona za malamulo oyendetsera dziko anapereka chigamulo ku Lilongwe pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Tonse tinakhala pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada. Chigamulo chimenecho chili ndi masamba pafupifupi 500. Kwa anthu ambiri inali nkhani ya tsiku limodzi. Kwa wophunzira zamalamulo ndi gawo limodzi chabe la phunziro limodzi, ndipo pamwamba pake pali chigamulo cha khoti lalikulu la apilo, Supreme Court of Appeal, cha pa 8 May chaka chomwecho, chimene nachonso ayenera kuchidziwa.

N'chifukwa chiyani mwana wa ku Malawi awerenge milandu ya ku Britain ya zaka zoposa 90 zapitazo?

Funso limeneli ndinalifunsapo ndili wokwiya. Yankho lake lili m'mbiri ya dziko lathu. Mu 1902 boma la Britain linakhazikitsa lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council, limene linabweretsa kuno malamulo a ku England monga analili pa 11 August 1902, kuphatikizapo malamulo ochokera m'zigamulo za oweruza. Titalandira ufulu mu 1964 sitinataye zonsezo. Mpaka lero, pa nkhani za mapangano a malonda kapena za munthu amene wavulazidwa chifukwa cha kusasamala kwa mnzake, mfundo zambiri zimene makhoti athu amagwiritsa ntchito mizu yake ili m'milandu ya kumeneko. M'dongosolo lotere lamulo silikhala m'buku limodzi loti ungaliloweze. Linamwazikana m'zigamulo mazanamazana, ndipo ntchito ya wophunzira ndi kutola.

Tengani mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932. Mayi wina ku Paisley, ku Scotland, anaguliridwa chakumwa ndi mnzake mu 1928, ndipo iye ananena kuti m'botolomo munatuluka nkhono yowola, n'kudwala. Vuto linali lakuti sanagule yekha, ndiye panalibe pangano pakati pa iye ndi wopanga chakumwacho. Mmodzi wa oweruza, Lord Atkin, ananena kuti munthu ayenera kusamala kuti asavulaze mnansi wake, ndipo mnansi ndi aliyense amene ukanayenera kumuganizira kuti zochita zako zimukhudza. Mfundo imeneyo ndi imene lero imateteza mayi wa ku Ndirande amene wagula chakudya choipa chotsekeredwa m'paketi, kapena mwana amene wagwera m'dzenje losiyidwa pululu ndi omanga msewu.

Palinso wa Carlill v Carbolic Smoke Ball Company, wa m'ma 1890, pamene kampani inalengeza m'nyuzipepala kuti ipereka mapaundi 100 kwa aliyense amene adwale chimfine atagwiritsa ntchito mankhwala ake monga mwa malangizo, n'kunenanso kuti yasungitsa mapaundi 1,000 kubanki posonyeza kuti sikuseka. Mayi Carlill anadwala, kampani inakana kulipira, khoti linati ilipire. Mukadzamva malonda a pa wailesi olonjeza mphoto, funso loti lonjezo lotere limamanga liti limayankhidwa kuchokera pamenepo.

Ndimavomereza kuti ophunzira athu ayenera kupatsidwa milandu yambiri ya kuno, ndiponso kuti malamulo a makolo athu pa nkhani za ukwati, malo ndi ufumu amayenera nthawi yochuluka m'kalasi. Komabe milandu yakaleyo singadumphidwe, chifukwa oweruza athu akamagamula amaitchula.

Ine ndinakhoza bwino kwambiri MSCE. Kodi ndingavutike?

Mungavutike, ndipo nthawi zina amene anakhoza kwambiri ndi amene amadzidzimuka koposa. Ku sekondale tinazolowera kuti yankho lili penapake m'manotsi, ntchito yathu ndi kuliloweza n'kukalibweza pa pepala. Mayeso a zamalamulo amakupatsa nkhani imene sunaionepo: wakuti anabwereka njinga ya mnzake, anaigulitsa kwa munthu wachitatu amene sankadziwa, njingayo yachita ngozi, langiza aliyense. Ukangolemba zonse zimene unaloweza pa mutuwo, mphunzitsi amalemba m'mbali kuti sunayankhe funso.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa zinasintha kawerengedwe kanga. Tinapatsidwa mlandu wa nkhono uja kuti tikawerenge. Ndinayamba usiku, mnzanga wa m'chipinda atagona, magetsi atazima, ndikuwunikira ndi tochi ya foni pa mapepala a fotokope amene m'mbali mwake zilembo zina zinali zitadulidwa. Woweruza woyamba kulankhula m'chigamulocho ndi Lord Buckmaster. Ndinawerenga mawu ake mosamala, ndinamva bwino kuti akuti mayiyo alibe mlandu woti angasume, ndinalemba chidule chaudongo m'kope langa, ndipo poona kuti masamba otsala ndi ambiri ndinaganiza kuti enawo akungovomereza. Ndinagona ndili wokhutira.

M'mawa mwake mphunzitsi analoza ine. Ndinaimirira n'kufotokoza molimba mtima kuti khoti linakana dandaulo la mayiyo. M'kalasi munangoti zii. Mphunzitsiyo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Munawerenga oweruza angati?" Oweruza anali asanu. Atatu anagamula mokomera mayiyo, awiri anatsutsa, ndipo amene ndinawerenga ine anali mmodzi wa awiri ogonjawo. Ndinali nditaloweza bwino lomwe mbali imene si lamulo. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo mwambiwu unandilasa pamtima. Kuyambira pamenepo, ndisanawerenge chigamulo chilichonse, ndimayamba ndaona kuti oweruza alipo angati ndipo mlandu unathera mbali iti.

Nanga mlandu amauwerenga bwanji kuti usadye tsiku lonse?

Musayambe ndi chigamulo. Yambani ndi buku la phunzirolo kapena ndandanda imene mphunzitsi wapereka, kuti mudziwe chifukwa chimene mlanduwo waikidwira pa sabata imeneyo. Chigamulo chimodzi chimatha kukamba nkhani zisanu, koma inu mwatumidwa imodzi. Wolowa m'nkhalango osadziwa mtengo umene akufuna amabwerako ndi mtolo wa zinyatsi.

Kenako pitani kumapeto muone amene anapambana. Ena amaona ngati uku n'kuba, koma chigamulo si nthano yoti muisungire mathero. Mukadziwa kumene woweruza akupita, njira yake mumaitsata mosavuta.

Tsopano werengani ndi mafunso anayi m'mutu. Chinachitika n'chiyani? Khoti linafunsidwa funso lanji la lamulo? Linayankha kuti chiyani? Chifukwa chiyani? Funso lachinayili ndiye mtima wa zonse. Chifukwa chimene chigamulo chaimirapo amachitcha ratio decidendi, ndipo ndi chokhacho chimene chimamanga makhoti aang'ono. Zina zimene woweruza wanena podutsa, zotchedwa obiter dicta, zili ndi ulemu wake koma sizimanga. Kusiyanitsa ziwirizi ndi luso limene limatenga miyezi, ndipo nthawi zina maloya akuluakulu amakangana m'khoti kuti ratio ya mlandu wakutiwakuti ndi iti. Musadzione ngati wopepera mukasokonezeka.

Lembani chidule cha tsamba limodzi, m'mawu anu. Chikapitirira tsamba limodzi ndiye kuti mukukopera, simunamvetse. Chidule chimenechi ndi chimene mudzawerenge nthawi ya mayeso, chifukwa pa nthawiyo simudzakhala ndi mpata wobwerera ku zigamulo 200.

Chomaliza, fufuzani ngati mlanduwo ukadali ndi moyo. Pambuyo pa chisankho cha 1999, Supreme Court of Appeal pa mlandu wa Gwanda Chakuamba inamasulira mawu akuti majority mu gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko kuti akutanthauza amene wapeza mavoti ambiri kuposa anzake. Mu 2020 makhoti anasiya kumasulira kumeneko n'kunena kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Wophunzira amene wawerenga chigamulo choyamba chokha wagwira ntchito yaikulu, koma akalemba zimenezo ngati lamulo la lero walakwa.

Dziwaninso kuti mlandu umodzi umabala ina. Mukatsegula wa Kafantayeni wa 2007, umene High Court inagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kukakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, mupeza oweruza akutsamira pa mlandu wa Reyes wochokera ku Belize. Simungatsate nthambi iliyonse. Tsatani imene woweruza waikhalira nthawi yaitali, zinazo zilembeni dzina n'kupitirira.

Chingerezi changa si chakuya. Kodi ndisayese n'komwe?

Yesani. Ambiri a ife tinayamba kuphunzira m'Chingerezi tili Sitandade 5, ndipo kunyumba tinkachimva pa wailesi pokha. Chingerezi cha m'zigamulo chimavuta ngakhale eni ake, chifukwa chiganizo chimodzi chimatha kudzaza theka la tsamba, ndipo mawu wamba amakhala ndi tanthauzo lina. Mawu akuti consideration pa nkhani ya mapangano satanthauza kuganizira mnzako, amatanthauza chimene mbali iliyonse yapereka kuti pangano limange. Onjezerani Chilatini: mens rea, actus reus, prima facie, ultra vires.

Khalani ndi kakope kakang'ono ka mawu atsopano, ndipo mulembemo tanthauzo m'Chichewa kapena m'chinenero chanu. Ine ndinkadziyesa motere: ndikamaliza mlandu, ndinkayerekeza kuti ndikuwafotokozera agogo anga pakhonde. Ndikalephera kuunena m'Chichewa chomveka, ndinkadziwa kuti ndangonyamula mawu a Chingerezi popanda kumvetsa. Luso limeneli mudzalifunanso pa ntchito, chifukwa amene adzabwere ku ofesi kwanu ali ndi chisoni cha malo olandidwa adzafuna kumva m'chinenero chake.

Chimene sindingakubisireni n'chakuti semesita yoyamba mudzatenga nthawi yaitali kuposa mnzanu amene anaphunzira sukulu zolankhula Chingerezi kuyambira ku mkaka. Kusiyanako kumachepa msanga kwa amene amawerenga tsiku lililonse.

Bwanji osangogwiritsa ntchito manotsi a amene anatitsogolera, zidule za pa intaneti, kapena ChatGPT?

Manotsi a akale amayenda m'manja chaka ndi chaka ngati cholowa, ndipo amathandiza kuona mmene phunziro lilili. Vuto ndi lakuti lamulo limasintha manotsi ali chikhalire. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Chaka chomwecho High Court, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, inathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu, limene apolisi ankamangira anthu pa mlandu wa vakabu. Manotsi olembedwa zimenezi zisanachitike akuuzani zakale molimba mtima, ndipo amene anawalemba, ngati analakwitsa penapake, cholakwacho mwalowa nacho m'chipinda cha mayeso.

Zidule za pa intaneti ndi zabwino pa milandu yotchuka ya kunja, makamaka pofuna kudziwa msanga amene anapambana. Pa milandu ya kuno n'zosowa.

Za ChatGPT ndi anzake, chenjerani kwambiri. Mu 2023 khoti la ku New York, pa mlandu wa Mata v Avianca, linalipitsa maloya chindapusa cha madola 5,000 atapereka m'khoti milandu imene makinawo anangopeka, yokhala ndi mayina ndi manambala ooneka ngati enieni. Amenewo anali maloya a ziphaso zawo. Makinawa angakuthandizeni kumasulira ndime yovuta imene mwaiika patsogolo pawo, koma mlandu uliwonse umene akutchulirani muupeze nokha ndi kuuona ndi maso anu musanaulembe.

Pali chifukwa china chachikulu kuposa zonsezi. Digiri imeneyi cholinga chake ndi kukusulani kuti mudzathe kutenga chikalata chimene palibe amene anachifupikitsapo, n'kupezamo mfundo. Tsiku limene bwana adzakuponyereni fayilo ya masamba 300 kuti mawa mukaimire munthu, sipadzakhala manotsi a akale.

Mabuku amapezeka? Nanga ndalama zake?

Mabuku a zamalamulo ndi odula, ambiri amachokera kunja, ndipo m'malaibulale ambiri buku lofunikira limakhala makope ochepa pa kalasi yonse. Ophunzira amasonkherana, mmodzi abwereke, ena apange fotokope mitu imene ikufunika. Ikani ndalama ya fotokope ndi ya bandulo ya intaneti pa bajeti kuyambira pachiyambi, pambali pa ya nyumba ndi chakudya. Amene amalandira ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board amadziwa kuti ndalamayo imafunika kuigawa mosamala kuti ifike kumapeto kwa semesita.

Chimene chapepukitsa zinthu ndi tsamba la MalawiLII, pamene zigamulo zambiri za makhoti athu ndi malamulo a dziko zimapezeka ulere. Mukapeza intaneti yabwino pasukulu, tsitsani zonse za sabata imeneyo nthawi imodzi. Kuwerenga masamba 50 pa foni kumapweteka maso ndipo mauthenga a WhatsApp amakusokonezani mphindi iliyonse, choncho ngati banja lingathe kugula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, imeneyo ndi mphatso yoposa suti.

Malo okhala nawonso ndi nkhani. Amene amachita lendi kunja kwa sukulu, monga ku Chikanda ku Zomba, nthawi zambiri amagawana chipinda, ndipo phokoso ndi kuzima kwa magetsi sizipempha chilolezo. Ngati kwanu kuli kotero, werengani zolemera masana ku laibulale, usiku musiyire zopepuka monga kukonza manotsi.

Mwana wanga akabwera ku tchuthi amangodzitsekera m'nyumba ndi mabuku. Kodi si ulesi kapena kunyada kumeneku?

Amayi, bambo, ndikumvetsa chifukwa chake zimaoneka choncho. Kwathu ntchito timaidziwa ndi thukuta. Munthu amene wakhala pampando kuyambira m'mawa, osagwira khasu, osapita kuchigayo, amaoneka ngati akupuma. Koma mwana wanuyo akugwira ntchito, ndipo ndi ntchito imene imaonongeka ikadulidwadulidwa. Mukamutuma kukagula mchere pakati pa chigamulo, sataya mphindi khumi zokha za ulendowo. Akabwerako ayambiranso kufunafuna ulusi umene anaugwira.

Sindikunena kuti asagwire ntchito za pakhomo. Agwire, ndipo wophunzira amene akukana kutunga madzi ponamizira mabuku akulakwa. Gwirizanani naye nthawi: m'mawa mpaka 12 koloko asiyeni, masana athandize. Pa nthawi ya sukulu, ganiziraninso kawiri musanamuitanitse ku mwambo uliwonse wa pamudzi. Maliro a wachibale wapafupi palibe angakane. Koma chinkhoswe cha msuweni, kumanga chiliza, msonkhano wa banja, chilichonse chimamudyera masiku atatu kuphatikizapo ulendo, ndipo masiku atatu ndi masamba oposa 100 amene adzawapeze akumudikira pamwamba pa atsopano. Mwanayo sangakuuzeni zimenezi chifukwa amakulemekezani. Muyambe ndinu kumumasula.

Chinanso, musayambe kumutcha loya ali chaka choyamba n'kumamubweretsera milandu ya malire a munda. Sanafike poti n'kulangiza, ndipo dzinalo limamulemera akaganiza zoti mwina alephera.

Kodi nthawi yogona, yopemphera, ya mpira kapena ya chibwenzi imapezeka?

Imapezeka kwa amene amagwiritsa ntchito masana. Amene ndinawaona akukhoza bwino ankatenga sukulu ngati ntchito yolembedwa: 8 koloko ali pa tebulo, 5 koloko aweruka, madzulo awonjezera maola awiri, tsiku lopembedza apuma. Ochezera usiku wonse sabata ya mayeso ankalowa m'chipinda maso ali psuu, n'kusokoneza mayina a milandu. Kuloweza mungakuchite ndi tulo m'maso, koma kuganiza ayi.

Magulu okambirana amathandiza?

Amathandiza ngati aliyense wabwera atawerenga. Anthu anayi kapena asanu akwana. Gulu limene limagawana milandu kuti aliyense awerenge umodzi n'kufotokozera anzake limapulumutsa sabata yothina, koma likakhala chizolowezi aliyense amadziwa gawo limodzi mwa magawo asanu a phunziro. Gulu labwino ndi limene mumatenga funso la mayeso akale, wina aimire wodandaula, wina woyankha, n'kukangana mpaka mfundo yofooka ionekere.

Ndili pa ntchito ndipo ndili ndi banja. Ndingakwanitse?

Ndinaphunzira ndi anthu otere, aphunzitsi, apolisi, ogwira ntchito m'makhoti, ndipo ena anatiposa ife achinyamata chifukwa ankadziwa mtengo wa ola limodzi. Koma musanalipire fizi, khalani pansi ndi akunyumba kwanu muwerengere limodzi maola. Mukufunika maola atatu kapena anayi tsiku lililonse opanda wokusokonezani, kwa zaka zingapo. Maola amenewo achoka penapake: pa macheza, pa maudindo a kumpingo, pa kabizinesi ka madzulo, pa nthawi ya ana. Ngati mnzanu wa m'banja sanavomere ndi mtima wonse, mabuku adzasanduka mkazi wachiwiri kapena mwamuna wachiwiri m'nyumbamo. Ambiri amene anakwanitsa ankadzuka 4 koloko m'bandakucha, nyumba ikadali chete.

Ndatsalira kale ndi masabata atatu. Nditani?

Choyamba, musayese kubweza zonse motsatana kuyambira sabata yoyamba, chifukwa pamene mukuthamangitsa zakale zatsopano zikuwunjikana, ndipo mudzakhala wotsalira mpaka mayeso. Lumphirani pamene kalasi ili lero, muwerenge za mawa, kuti kalasi ya mawa ikupindulireni. Zotsalirazo zipatseni ola limodzi kapena awiri patsiku ndi Loweruka.

Pa zotsalirazo sankhani. Pa mutu uliwonse pamakhala mlandu umodzi kapena iwiri imene mphunzitsi anaikhalira nthawi yaitali. Imeneyo iwerengeni yonse. Inayo muidziwe kudzera m'buku. Funsani mnzanu amene sanajombe kuti akuuzeni imene inatsindikidwa, ndipo pitani kwa mphunzitsi nthawi imene amalandira ophunzira. Safunsa anadya phula. Aphunzitsi ambiri amalandira bwino wophunzira amene wabwera pakati pa semesita ndi funso lenileni, kusiyana ndi amene wabwera zotsatira zitatuluka.

Ngati chimene chakutsalitsani ndi njala, fizi, matenda, maliro, kapena mtima wolemera moti m'mawa mukulephera kudzuka, limenelo si vuto la kawerengedwe. Uzani wina lero: woyang'anira za ophunzira, mlangizi wa pasukulu, m'busa, kapena mnzanu wokhulupirika. Masukulu amakhala ndi njira yopumira kaye maphunziro pa zifukwa zomveka, ndipo njirayo imagwira bwino ntchito mukaipempha mayeso asanafike.

Ndikamaliza digiri, kuwerengaku kudzachepa?

Ayi, kumangosintha mtundu. Kusukulu ukapanda kuwerenga umataya mamalikisi ako. Kuntchito amene amataya ndi munthu wina. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo pali zigamulo zambiri zofotokoza za belo. Loya amene sanaziwerenge amasiya munthu akugona m'chitolokosi masiku amene sanayenera kugonamo. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akumulanda nyumba amatetezedwa ndi lamulo la 2011 la chuma cha masiye, koma chitetezocho chimafika kwa iye kudzera mwa munthu amene anakhala pansi n'kuliwerenga gawo ndi gawo.

Sabata yatha ndinakhala mpaka usiku ndi pangano la lendi la masamba 40 la mayi wina amene akutsegula sitolo. Pa tsamba 33 panali chiganizo chimodzi chopatsa mwini nyumba mphamvu yomutulutsa ndi chidziwitso cha masiku 14 okha, ngakhale mayiyo anali atakonzeka kuwononga ndalama zake kukonzetsa denga ndi kuika mashelefu. Tinakambirana ndi mbali inayo m'mawa mwake, ndipo anasaina Lachisanu chiganizocho chitasinthidwa kukhala miyezi itatu.